Malata a Alhaji Swaleyi

Alhaji Swaleyi Bwanali anafika pamadrasa pathu pa Nanyumbu tsiku Lachinayi, titangotsiriza swala ya Alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka. Galimoto yawo sinaime m'mbali mwa msewu momwe alendo amaima. Inadutsa pachitsime, inazungulira mzikiti, n'kubwerera chambuyo mpaka pamulu wa malata amene anali pansi pa mtengo wa mango. Kumbuyo kwake kunali amuna awiri antchito, atanyamula zingwe. Ine nditaona zingwezo ndinadziwa kuti sikwabwino.

Malatawo anatigulira ndi iwo omwewo. Chipinda chathu chakale chinali chofolera udzu, chiswe chinadya mapaso, denga n'kugwa m'dzinja lapitalo, mwamwayi ana atatuluka kale. Njerwa tinaumba tokha, kuwotcha tokha, makoma anakwera, matabwa a denga anakhomedwa. Chotsala chinali kufolera basi, ndipo kalipentala anali atalonjeza kubwera Lolemba. Kumwamba nako mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse. Ine Yunusu ndi amene ndinkaphunzitsa ana m'mawa, choncho mtima wanga wonse unali pamalata amenewo. Ndinkawadutsa ndikuwagogoda ndi chala, kungofuna kumva kulira kwake.

Mphunzitsi wathu wamkulu anali a Shehe Anubi. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zoyera, woyenda panjinga yakale yomwe unyolo wake unkatuluka pachitunda chilichonse. Anaphunzira kutali, kwa zaka zambiri, koma ukakumana nawo ndi khasu paphewa sukadadziwa. Ankalankhula motsitsa mawu, moti munthu umachita kusendera pafupi kuti umve.

Iwowa ndi amene anayambitsa phunziro la nkhani za malonda. Ankati Msilamu mumzikiti amakhalamo kanthawi kochepa, tsiku lonse amathera pamsika, ndiye ngati chipembedzo chake chili ndi poonekera, ndi pamsikapo. Lachiwiri ndi Lachinayi, Alasiri ikatha, akuluakulu ankabwera, abambo mkeka wawo mbali ino, amayi wawo mbali inayo. Wailesi tinkaiika pampando. Nkhani za malonda zikatha, a Shehe ankaitseka n'kuyamba kufunsa. Kwacha yatsikanso mphamvu, ndiye feteleza atani? N'chifukwa chiyani shuga amasowa m'masitolo mtengo ukatsala pang'ono kukwera? Ena ankabweretsa tsamba la nyuzipepala lokulungira kanyenya, mafuta ali noninoni, ine n'kumawerenga pamene pakuoneka. Panali akuluakulu ena amene ankanyinyirika kuti madrasa asanduka msika, koma kubwera ankabwera, ndipo pokangana ndi amene ankatsogola.

Phunzirolo linali ndi lamulo limodzi lomwe a Shehe sankalola kuti liphwanyidwe. Nkhani iliyonse imayenera kufunsidwa kaye: wainena ndani, ndipo iyeyo waiona kapena wangoimva? Nkhani yopanda mboni ankaitcha mphekesera, ngakhale itakoma bwanji.

Tsono chimene chinabweretsa Alhaji chinali ichi. Inali nyengo yogulitsa nandolo, ndipo masikelo ambiri a m'mphambano za kwathu anali awo. Lolemba la sabata limenelo, ine ndili pakhonde pa a Shehe ndikulimbana ndi unyolo uja, kunabwera Abiti Bwanali, mlongo wawo wa Alhaji. Anakhala pansi chapatali, maso ali ofiira. Anati achimwene awo awaimbira foni ali ku Limbe, kuti ogula akuluakulu otumiza kunja alandira maoda, mtengo wa nandolo ukwera kwambiri sabata yamawa, ndiye iwo asagulitse ngakhale beseni limodzi, komanso asauze munthu.

"Ndinavomera, Shehe," anatero. "Koma Abiti Amidu, wamasiye uja woyandikana nane, timapunthira nandolo pabwalo limodzi. Dzulo anandiitana kuti ndimusenzetse thumba apite nalo pasikelo ya achimwene. Ndinamusenzetsa. Manja anga omwewa. Mawa akufuna ndimusenzetse lachiwiri. Ndichite bwanji?"

Mayiwa sanali munthu wodziimira payekha. Alhaji ndiwo mwini mbumba, ana a mayiwa kusukulu amawalipirira ndi iwo, matenda akagwa galimoto imachokera kwa iwo. A Shehe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pitani kunyumba, mayi. Dzina lanu silituluka pakamwa panga." Ananditembenukira ine, n'kundiyang'ana basi. Ndinamva.

Lachiwiri paphunziro, wailesi itatha, a Shehe ananena okha. "Ndamva kuti mtengo wa nandolo ukwera. Wailesi sinanene, ndipo mboni ndilibe, choncho musaitenge ngati yotsimikizika. Amene m'nyumba mwake muli njala agulitse, asadikire mawu anga. Amene angathe kudikira, adikire kuti tifufuze." Anangonena zimenezo. Koma nkhani ya mtengo siyenda wapansi. Pofika Lachinayi m'mawa, masikelo a Alhaji anali akungolendewera m'mitengo opanda wopachikapo thumba.

Ndiye tsikulo tinali titakhala m'chipinda chatsopano chija, chopanda denga, titatsamira mthunzi wa khoma. Abiti Bwanali analipo, pamkeka wa amayi, pambali pa Abiti Amidu. Atamva kulira kwa galimoto anakoka mpango wawo mpaka pamphuno.

Alhaji anavula nsapato pakhomo. Anali munthu wathupi, atavala kanzu, mkanjo wautali woyera mbee, foni ziwiri m'dzanja limodzi.

"Asalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salamu, Alhaji. Takulandirani. Mwalimu Yunusu, apatseni pokhala alendo."

Mpando unali umodzi wokha, ndipo unali wa wailesi. Ndinaitsitsa n'kuiika pansi, Alhaji anakhala.

"Mwayenda bwanji ku Limbe?" anafunsa a Shehe. "Kunyumba mwawapeza ali bwanji?"

"Alhamdulillah, onse ali bwino. Kaya inu, miyendo ija?"

"Ikuyesera. Ngati mwabwera ndi nkhani, Alhaji, tiyeni kunyumba tikamwe tiyi. Anthuwa Mwalimu atsala nawo."

"Zikomo, Shehe, koma ayi. Nkhaniyi inayambira pano, pamaso pa anthuwa. Ithere pompano."

A Shehe anagwedeza mutu. "Lankhulani, tikumva."

"Shehe, ine ndimakulemekezani. Inu ndi amene munawerenga duwa yondipempherera tsiku limene ndinkanyamuka ulendo wa ku Makka. Sindinabwere kudzakuphunzitsani. Ndabwera kudzafunsa, monga wophunzira. Kodi kupeza phindu pamalonda ndi haramu?"

"Ayi. Ndi halali, n'kololedwa, ndipo wamalonda wokhulupirika ali ndi malo aulemu kwa Allah."

"Nanga wamalonda akadziwa chinthu chifukwa choti wayenda, wawononga mafuta, wadziwana ndi anthu kwa zaka zambiri, akuyenera kukwera pachulu n'kumalengeza?"

"Palibe amene angamukakamize kukwera pachulu."

"Chabwino. Funso lina. Kodi si inu amene mumaphunzitsa pano kuti nkhani yopanda mboni ndi mphekesera?"

"Ndine."

"Nkhani ya nandolo imene munanena Lachiwiri, wailesi inanena?"

"Sinanene."

"Nyuzipepala?"

"Ayi."

"Mboni muli nayo?"

"Yoti ndingaiimike pano, ndilibe."

Alhaji anatambasula manja, kuyang'ana abambo, kuyang'ana amayi. "Mwamva nokha. Ndiye Shehe, mwaphwanya lamulo lanu lomwe. Mwatenga mphekesera n'kuiika m'kamwa mwa anthu. Ine ndachita hayala lole, ikubwera Loweruka. Ndapereka mawu kwa anthu ku Limbe kuti ndidzaidzaza. Ikapita yopanda kanthu, dzina langa latha kumeneko, sadzandiimbiranso. Ndikupempha zinthu ziwiri. Mundiuze amene anabweretsa nkhaniyi, ndipo muwauze anthuwa kuti ndi yabodza, akagulitse."

Kunena zoona, munthuyu anali atawagwira a Shehe pabwino. Ndinaona abambo ena akuyang'anana. Ku mkeka wa amayi sindinayerekeze n'komwe kuyang'anako, kuopa kuti maso anga angaulule.

A Shehe anakhala kanthawi akusisita bondo. "Choyambacho sindingathe, Alhaji. Munthuyo anandisungitsa dzina lake, ndipo chosungitsidwa sichiperekedwa kwa wina. Inunso mutandisungitsa kanthu simungakonde kuti ndikapereke."

"Ndi mmodzi wa antchito anga?"

"Sindiyankha kuti inde, sindiyankha kuti ayi. Mukandifunsa maina onse a m'dera lino yankho likhala lomweli."

"Nanga chachiwiricho?"

"Pachiwiripo mwanena zoona pang'ono. Nkhaniyi ilibe mboni, ndipo Lachiwiri ndinawauza anthuwa zomwezo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunafuna munthu amene wafika kwa ogulawo, wamva ndi makutu ake. Lero Allah wamubweretsa yekha, wakhala pampando pathu. Alhaji, inu mwachokera ku Limbe. Tiuzeni. Mukanena pano kuti mtengo sukwera, ine ndikukhulupirirani. Ndikwera njinga yanga mawa m'mamawa, mudzi ndi mudzi, kuwauza anthu kuti ndinalakwitsa, apite nawo nandolo pamasikelo anu."

Foni imodzi ya Alhaji inayamba kulira, iwo n'kuidula osayang'ana.

"Za mawa amadziwa ndi Allah yekha," anatero.

"Zoonadi. Sindikufunsa za mawa. Ndikufunsa zimene munamva ku Limbe."

"Zimenezo ndi zinsinsi za malonda, Shehe."

"Sungani, ndi zanu. Sindikulandani. Koma inu mukufuna kuti ine ndinene kuti nkhaniyi ndi yabodza, pamene inuyo, amene mukudziwa, simukufuna kunena mawu amenewo ndi pakamwa panu. Ndiye ndinene bwanji ine?"

Pamenepo Che Ajibu, mkulu wina wosoka nsapato amene sasunga mawu m'kamwa, anadzuka pamkeka. "Anyamata awo a pasikelo akumatiuza kuti mtengo ugwa sabata yamawa! Akumati gulitsani lero, mudzalira! Anene pano ngati—"

"Che Ajibu," anatero a Shehe, osakweza mawu, "alendo akadali pampando. Khalani pansi." Mkuluyo anakhala, akung'ung'udza.

Nkhope ya Alhaji inali itasintha. "Mukuona, Shehe? Ndi zimene mwandichititsa. Anthu amene ndimawanyamulira maliro pagalimoto yanga lero akundiloza chala. Chaka chatha mtengo utagwa, nandolo anandifumbwira m'nyumba yosungira, matumba ndi matumba. Ndinataya ndekha. Alipo pano amene anabwera kudzandibwezera ndalama zimene ndinamugulira? Alipo amene anabwera kudzandipepesa?"

"Kudzapepesa ndinabwera ine. Munandipatsa tiyi wa mkaka," anatero a Shehe.

Wina anatsala pang'ono kuseka, koma anameza. Alhaji sanaseke.

"Ndikudziwa kuti munataya," anapitiriza a Shehe, "ndipo ndikudziwa kuti wamalonda amagona ndi mantha amene mlimi sawadziwa. Sindikukuonani ngati mdani. Koma malamulo a malonda amene tinaphunzira amaletsa chinthu chimodzi chimene chikufanana ndi chanuchi: kumuchingamira wogulitsa panjira, asanafike pamsika n'kumva mtengo, kuti umugule ali mumdima. Masikelo anu ali m'mphambano, Alhaji, osati pamsika. Mayi akafika pamenepo khosi lawawa, sangapitirire. Tsono ndikupatseni njira. Kwezani mtengo pasikelo, muunene poyera, musiye gawo lanu loyenera mafuta ndi thukuta lanu. Mukatero ine ndiwauza anthuwa kuti asadikire mavenda achilendo, abweretse kwa mwana wa kwawo. Lole yanu idzadza Loweruka lisanafike."

"Kudzadza idzadza, koma phindu lake lidzakhala la chiyani? La machesi?"

"Lidzakhala lochepa."

"Chaka chino ndi chimene ndimati ndibweze zimene ndinataya."

"Ndikumva. Koma amene akubwezereni si amene anakutayitsani."

Alhaji anaimirira. Anayang'ana kumwamba, kumene matabwa a denga anali atadutsana, mitambo yakuda ikuoneka pakati pake. Atatsitsa maso analankhula mofatsa kwambiri, ndipo kufatsako ndi kumene kunandiopsa.

"Shehe, malata ali panjawo ndinagula ndi ndalama za nandolo. Ngati malonda anga ndi odetsedwa, malatanso ndi odetsedwa, sangafolere nyumba ya maphunziro. Ngati ndi oyera, ndithandizeni kuti apitirire. Mawu amodzi okha. Nenani kuti inali mphekesera chabe, anthu aiwale. Mukatero malata atsala, ndiwonjezera zitseko ndi mawindo. Mukakana, ndanyamula lero."

Astaghafirullah, magazi anandithamangira kumutu. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa. Kaya ndinkafuna kutukwana Alhaji kaya kuchonderera a Shehe, mpaka lero sindidziwa, chifukwa zonse ziwiri zinali palilime. Mawu akuti mphekesera si a Shehe omwe ankawanena tsiku ndi tsiku? Kuwanena kamodzi kokha kukadavuta chiyani, ana n'kupeza denga? Koma a Shehe anaika dzanja pabondo langa, ndipo ndinatseka pakamwa.

"Alhaji," anatero, "pamene munabweretsa malatawa munati ndi sadaka, chopereka chaulere."

"Ndinatero."

"Sadaka mwini wake ndi Allah. Koma ngati mukuti akadali anu, ine sindingakutsekerezeni."

Alhaji anasuzumira pazenera lopanda chitseko n'kukodola antchito aja. "Kwezani."

Abale anga, lata likamachoka pamulu limalira moipa. Limakwekwereza, kenako limagwa m'galimoto ndi chiphokoso. Loyamba linalira, lachiwiri linalira. Ana ena amene ankasewera kuseri kwa mzikiti anasiya masewera n'kuima chapatali. Abambo anaweramitsa mitu, akutokosa mkeka ndi zala. Ine misozi inali m'maso, yaukali, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Mulu utafika pakati, ndinamva kusuntha ku mkeka wa amayi. Abiti Bwanali anali akudzuka.

"Mayi, khalani," anatero a Shehe msanga. "Pano palibe amene wafunsidwa kanthu."

Koma mayiwo anaima ndithu, atagwira khoma.

"Achimwene," anatero, "asiyeni malata a ana. Musawavutitse a Shehe, musachotse ntchito anyamata anu. Ndine ndinanena."

Alhaji anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu. "Inu, achemwali?"

"Ine."

"Ine kukuimbirani foni kuchokera ku Limbe! Kukuuzani inu nokha, mwa anthu onse, kuti musunge nandolo wanu chifukwa mtengo ukukwera! Kuti mupeze kanthu inu ndi ana anu! Ndiye mundithokoze chonchi?"

Mawu atatuluka ndi pamene anazindikira chimene anena. Anaima kukamwa kuli yasa. Panja antchito aja anali atanyamula lata m'manja, osadziwa kuti aliike kuti. Che Ajibu anaomba m'manja kamodzi. "Ehe! Ndiye ndi zoona!"

"Che Ajibu, mukalankhulanso mutuluka," anatero a Shehe, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiwamve akukweza mawu. "Palibe amene aseke m'bale wake pano."

Abiti Bwanali anali akulira tsopano. "Achimwene, ndinayesetsa kusunga. Koma Abiti Amidu anandiitana kuti ndimusenzetse thumba. Ndinagwira mbali ino, iye mbali inayo, n'kuliika pamutu pake, ine ndikudziwa. Anandiuza kuti zikomo. Usiku sindinagone. Mukafuna kunditaya nditayeni, koma kachiwiri sindikadatha."

Abiti Amidu, amene thumba lake linali litapita kale pamtengo wakale, anasendera pafupi. Anangogwira chitenje cha mnzakeyo n'kumukokera pansi kuti akhale.

A Shehe anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma chifukwa cha miyendo ija, n'kuima pamaso pa Alhaji. Mutu wawo unkangofika paphewa la munthuyo.

"Alhaji, Allah ndi mboni, sindinakutchereni msampha, ndipo sindinafune kuti zituluke motere. Ngati mkwiyo wanu ukufuna pogwera, ugwere pa ine. Achemwali anu anabwera mwamseri kudzafunsa za chipembedzo chawo. Amene anaitulutsa pagulu nkhaniyi ndine."

Alhaji anayang'ana kumbali, a Shehe n'kupitiriza.

"Ndiponso ndikuuzeni. Masiku apitawa mwachita chinthu chabwino kwambiri, ndicho foni imene munaimbira achemwali anu. Munamva mtengo, mtima wanu sunalole kuti mbumba yanu igulitse mumdima. Sindinakuphunzitseni ndine zimenezo, munazidziwa nokha. Tsono yang'anani pamkeka apo. Ambiri mwa amayiwa alibe mlongo ku Limbe. Phunziro lathuli ndiye mlongo wawo, palibenso china chimene timachita pano."

"Mlongo wanga ndi mmodzi, Shehe," anatero Alhaji. "Sindingakhale mlongo wa dziko lonse."

"Simungathe. Koma musandiletse ine kuyesera."

Ndinaganiza kuti pamenepo munthuyo agonja. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi, foni zija atazifinya m'dzanja. Koma manyazi a pagulu ndi oipa, amaumitsa munthu khosi ngakhale mtima utafewa. Anatuluka, anavala nsapato, n'kuuza antchito aja mwaukali kuti, "Mwaima chiyani? Malizani!"

Tonse tinatuluka kukaima pakhomo. Mphepo inali itayamba, fungo la mvula likuchokera kumapiri. Malata anapitiriza kulira mpaka panatsala limodzi, lapansi penipeni, lomwe linali litamatirira dothi. Wantchito wina anali atakwera kale pamwamba kukoka zingwe, mnzakeyo akuvutika nalo yekha, mphepo ikulipinda. A Shehe anapinda manja a kanzu yawo, anapita, anagwira mbali inayo.

"Shehe, musatero!" ndinakuwa ine. "Lidzakuchekani!"

Sanandimvere. Ananyamula limodzi ndi wantchitoyo mpaka lata linakwera, kenako anapukuta manja m'mbali mwa kanzu. Malata amenewo anapitadi, ndipo dzinja limenelo ana anga anaphunzirira pakhonde la mzikiti, mphepo ikawomba molakwika mabuku tikubisa m'malaya. Koma panthawiyo galimoto inali isananyamuke. Alhaji anali atatsegula chitseko, phazi limodzi lili m'kati, akuwayang'ana a Shehe ngati munthu amene sakumvetsa chimene waona. Madontho oyamba anayamba kugwa pamalata aja, amodziamodzi.

"Shehe," anatero, ndipo ukali unali utatha m'mawu awo, "ndifunseko komaliza. Mvula ndi iyi yafika. Ana anu akanyowa mudzawauza chiyani? Kuti munataya denga chifukwa cha mawu amodzi? Ine sindinakupempheni kuti mube. Ndinapempha mawu amodzi okha, ndipo ngakhale panopa mutawanena, nditsitsa."

A Shehe anatchera khutu kugalimotoko kanthawi, kenako anati:

"Tamverani, Alhaji. Mukuimva mmene ikulirira? Mvula pamalata imamveka ngati nandolo akukhuthulidwa m'beseni la pasikelo. Dzulo malatawa anali sadaka, ndipo phokoso limeneli likadakhala mvula chabe. Lero mwawaikira mtengo, ndipo mtengo wake ndi pakamwa panga. Ana akanyowa, amayi awo adzawapukuta. Koma ndikanena mawu anuwo, mvula iliyonse ndidzakhala ndikumva nandolo wa Abiti Amidu akukhuthukira pamutu panga. Pitani bwino, Allah akudalitseni m'malonda anu, ndipo pakhomo pano mudzabwerenso. Koma pansi pa phokoso limenelo, ine sindingathe kuphunzitsa mwana wa munthu kunena zoona."